Hatchi Yomwe Inandidyera Buluku ndi Banja

Anthu a pabawo kuno ku Kawale pakamwa pawo sipazizira, ndiye ndaona kuti nkhani ya hatchi ija ndiifotokoze ndekha, chifukwa ikuyenda mopotoka. Wina akuti hatchi inandimeza mwendo mpaka m'ntchafu, wina akuti ndinalira kuitana amayi anga amene anagona kalekale. Mabodza! Ine munthu wonama amandinyansa. Ine Lanjesi Kamphinda, amene ndinagwirapo njati mchira ku Mchinji mpaka inagwada n'kupepesa, ndingalire chifukwa cha nyama yodya udzu? Ndinangokuwa basi. Kukuwa ndi kulira n'zosiyana, ngakhale kusukulu ndinangodutsako panja ndimadziwa zimenezo.

Chinayambitsa zonse ndi mkazi, monga mwa nthawi zonse. Akunyumba kwanga atatisiya ndinakhala ndekha kwa nthawi, mpaka tsiku lina kumsika wa ku 25 ndinaona mayi wina akugulitsa mpunga. NyaMhango, wa ku Rumphi, wamasiye ngati ine ndemwe, wodziwa kuimba kumpingo, woyenda ngati pansi pali mazira. Abale inu, ndinayamba kukwera minibasi kuchoka ku Kawale kupita ku 25 kukagula mpunga woti sindikuufuna, nyumba yanga inadzaza mpunga mpaka mbewa za kwa aneba onse zinasamukira kwanga. Ndiye mukudziwa, mwamuna akakhala pa benchi ya mkazi sangangoti duu ngati chitsa. Ndinkamuuza za unyamata wanga, mmene ndinkakwerera mahatchi pa esiteti ina ku Mchinji, ndili chiimire pamsana pake, uku ndikusenda nzimbe, mzungu akundiombera m'manja. Ena amati anali abulu a ngolo. Nanga kusiyana kwake n'kotani? Hatchi ndi bulu yemweyo, kungoti inakulira kwa anthu olemera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti NyaMhango ali ndi mlongo wake, a Mhango, mkulu wa mpingo wosaseka ngakhale pa ukwati, amene ndi kapitawo pa famu ina kunja kwa mzinda uno komwe anthu a ndalama amasungitsako mahatchi awo. Tsiku lomwe ndinapita kukaonekera kwa iwo, ndinawapeza atakhala pakhonde, maso ali pa nsapato zanga.

"aDada Kamphinda," anatero, "mlongo wanga akuti inu ndinu katswiri wa mahatchi."

"Katswiri?" ndinawayankha. "Akatswiriwo ankabwera kwa ine kudzafunsa nzeru."

"Yewo. Ndiye Chiuta watithandiza. Loweruka likubwerali kufamu kwathu kuli chionetsero cha mahatchi, ndipo pali gawo limodzi lomwe antchito timaloledwa kuitanirako alendo athu. N'losavuta. Simuthamanga, simudumpha chilichonse. Mumangolowa m'bwalo mutakwera, woweruza n'kuona mmene mwavalira inu ndi mmene hatchi yasamalidwira. Mukatulukamo bwino, nkhani yanu ndi mlongo wanga tiikamba ngati anthu aakulu. Kwathu sitipereka mlongo kwa munthu yemwe tangomumva pakamwa."

Mpikisano wotchena! Ine, amene ndikadutsa pa Biwi nditavala jekete azimayi amapsereza ndiwo? Mumtima ndinati banja ndalipeza kale. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo mwambiwo sunandifikire.

A Mhango anayamba kundiwerengera malamulo a kavalidwe, ndipo tamverani misala ya anthu okhuta. Jekete likhale lakuda. Buluku likhale loyera, logwira thupi, losapepheruka ndi mphepo kuopa kudzidzimutsa hatchi. Jombo zofika m'mawondo, zowala. M'manja magulovesi. Kumutu chipewa cholimba chomangidwa lamba pachibwano. M'khosi tayi. Tayi, anthuni! Munthu ndimange tayi kuti ndikalemekeze nyama yoti ili mbulanda, yoti ikafuna kudzithandiza siyang'ana kuti pali apongozi? Akuti ukafika kwa woweruza uweramitse mutu, usalankhule usanafunsidwe, ndipo hatchi yako isayandikire kwambiri inzake.

"Chinanso, aDada, mukaona kansalu kofiira kumchira kwa..."

"A Mhango," ndinawadula, "mahatchi ndinayamba kuwadziwa inu mukadali kumbuyo kwa amayi anu. Sungani malovu."

Anangoti, "Yewo," n'kutseka pakamwa. Muisunge mfundo imeneyi, tiipeza kutsogolo.

Jekete ndinali nalo, tayi ndinali naye wofiira ngati tomato. Chimene ndinalibe ndi buluku loyera, chifukwa ku Kawale ndi fumbi lathu lija wovala buluku loyera ndi wamisala yekha. Apa ndi pamene NyaMhango anandionetsa kuti mtima wake wayamba kupendekera kwa ine. Analowa kuchipinda n'kutulukako ndi buluku loyera mbee, lonunkhira m'sutikesi. Linali la malemu amuna ake, omwe ankaperekera zakudya ku hotela ina.

"Malemu analivala zaka zambirimbiri," anatero akulisisita, "silinagwerepo ngakhale dontho la msuzi. Ndi chokhacho chimene ndinasungako. Mulibweze mmene lililimu, aDada."

"Mayi, ndilibweza litayera kuposa apa," ndinalonjeza, dzanja lili pamtima.

Nditafika kunyumba n'kuliyesa, eee! Malemu anali chimunthu. Ine ndinalowa mwendo umodzi wokha n'kutsala malo ogona mlendo. Nanga lamulo si lija loti lisapepheruke? Kulidula sindikanatha, ndi la malemu. Ndiye ndinakumbuka mmene asilikali akale ankaumitsira makabudula awo ndi phala la chinangwa, mpaka mpendero wake kumachekera tomato. Ufa wa chinangwa ndinalibe, koma nzeru ndinali nazo zambiri. Ndinaphika phala la mgaiwa, n'kuwonjezamo madeya kuti ligwire bwino. Mchere ndinathiramo, inde, musandifunse chifukwa chake. Chibadwire sindinaphikepo phala lopanda mchere, dzanja linangopita lokha. Ndinaviikamo buluku lija, kulipinda m'mbali kuti lindikwane, kuliyanika padzuwa, kenako kulisita ndi simbi ya makala. Abale, buluku linauma gwa! Ndinaliimika pakona linaima lokha ngati mlonda, nyumba yonse ikununkhira chigumu.

Zina zonse zinali zosavuta kwa munthu wa mutu ngati wanga. Jombo ndinatenga magambutsi anga a kumunda n'kuwapaka madzi a shuga, anawala mpaka ndinametera ndevu pomwepo. Magulovesi ndinabwereka kwa mmisiri womanga nyumba n'kuwaviika mu laimu kuti ayere. Chipewa cholimba ndinatenga helemeti ya wakabaza wa njinga yamoto, ija yotseka mutu wonse yokhala ndi galasi kumaso.

Loweruka m'mawa ndinanyamuka, agalu onse a mu Kawale akunditsata mwaulemu mpaka pa siteji. Ndinati ngakhale nyama zazindikira munthu wotchena. Mu minibasi mawondo anakana kupindika, ndinayenda ulendo wonse nditatsamira ngati thabwa, kondakitala n'kumandifunsa, "Madala, mwavala buluku kapena malata? Tikuikeni pamwamba?" Ndinamusiya, mwana wosaona dziko.

Kufamu kuja ndinapeza zimene maso anga sanaonepo. Magalimoto ataliatali, anthu akuda, amwenye, azungu, onse atavala mofanana ngati akwaya ya maliro. Koma mahatchiwo! Tsitsi la m'khosi lolukidwa timfundotimfundo ngati mkwatibwi, ziboda zopakidwa mafuta, thupi losambitsidwa ndi sopo woti ine ndimangomuona m'sitolo. Ndinaona mayi wina akupukuta hatchi mphuno ndi kansalu konyowa, mayi woti ndikukhulupirira mwana wake sanamuminitsepo. Dziko ili! Ife ku Kawale madzi timadikira pa mpopi ngati mvula, kuno bulu akusamba thovu.

NyaMhango anali atafika kale, atakhala kutsogolo kwenikweni pafupi ndi mpanda wa bwalo, ndipo sanabwere yekha. Anatenga amayi anzake a kumpingo kuti adzaone mwamuna amene wakhala akuwauza. Ndinawakwezera dzanja, laimu n'kuti fuu m'mwamba ngati utsi.

A Mhango anandiyang'ana kuyambira ku helemeti mpaka ku magambutsi, n'kununkhiza mpweya. Anandipatsa hatchi yoyera yokalamba dzina lake Dona. "Iyi ndi yofatsa, aDada, timaphunzitsira ongoyamba kumene. Vuto lake ndi dyera lokha." Atatero anaitanidwa kwina.

Ongoyamba kumene! Ine? Ndili chiimire ndi mkwiyo wanga, ndinaona pafupi pomwepo chihatchi chakuda bii, chachitali, chonyezimira, kumchira kwake atamangako kansalu kofiira. Mwa mahatchi onse aja chinali chokhacho chokhala ndi kansalu, ndipo aliyense akamadutsa ankachilambalala patali mwaulemu. Ndinati ahaa, ndazindikira, imeneyi ndiye nyota ya ukulu, ngati galimoto ya akwati imene amaimanga maliboni. Ndiye Dona wanga alowe m'bwalo wopanda kanthu ngati mwana wamasiye, NyaMhango akuona? Ndinayang'ana uku ndi uku, mwini wake anali kumwa tiyi, ndinanyang'ama n'kumasula kansalu kaja. Chihatchicho chinangotembenuza diso limodzi n'kundiyang'ana, ngati munthu amene akuti tionana. Ndinakamanga kumchira kwa Dona.

Pomwepo zinthu zinasintha. Aliyense anayamba kutipatsa njira, azimayi kukoka ana awo, okwera anzanga kupatutsa mahatchi awo. Ndinati onani ulemu! Ndiye anthu osaphunzirafe mumati sitidziwa zinthu?

Belu litalira, vuto loyamba linali kukwera. Mwendo uyenera kupindika kuti ufike pa chopondera, koma buluku linati ayi. Ndinayesa kudumpha, ndinangogunda Dona m'nthiti ngati chitseko. Mapeto ake amuna ena a pafamupo anandinyamula ngati mtembo n'kundikhazika pa chishalo, ndipo nditati nditambasule miyendo kunamveka phwaa! ngati mfuti. Mbalame zinauluka m'mitengo mpaka ku Dedza. Phala louma linasweka m'mawondo ndi kumbuyo, zinyenyeswa n'kumayoyoka. Ndinati palibe kanthu, msilikali sabwerera chifukwa cha kulira kwa mfuti.

Tinalowa m'bwalo n'kuima pamzere, chihatchi chakuda chija chili pambali panga, pamsana pake pali bambo wina wa mimba yake. Woweruza anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wovala diresi ya buluu ndi chipewa cha maluwa. Ankayenda pang'onopang'ono, kusuzumira m'makutu mwa hatchi, kukweza chiboda, kuyang'ana lamba wa chipewa cha wokwera, mwina kugwira tayi kuona ngati yamangidwa bwino. Ntchito imeneyonso anthu amalandirira ulemu! Atafika pa ine anaima. Lamulo linali loweramitsa mutu n'kukhala chete, koma ine ndinaleredwa, sindingaone mayi n'kungomugwedezera mutu ngati gulo. Ndinawerama n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, kumufunsa za kunyumba, ndi kumusisita paphewa. Nditamusiya, diresi ya buluu ija inali ndi zikhatho zoyera ngati yagwidwa ndi mzukwa, mayiyo akutsokomola laimu.

"Bambo," anatero atapeza mpweya, "kodi ichi mwavala kumiyendochi n'chiyani? Nanga ntchentche zonsezi zabwera nanu?"

Ndisanayankhe, ndinamva kutentha paphazi. Dona anali atapinda khosi, akunyambita gambutsi langa la shuga, maso atatsinzina ngati ali kumwamba. Atamaliza shuga anakwera pang'ono n'kupeza bondo. Ananunkhiza. Mgaiwa, madeya, mchere! Abale anga, zinthu zitatu zimene hatchi ingagulitse nazo mayi ake, ine ndinaziphika pamodzi n'kuzivala. Dona analuma bondo la buluku n'kukoka, kwee! Ndinati, "Iwe, choka! Ndi la malemu ili!" Kodi hatchi imadziwa malemu?

Ndinakoka zingwe, ndinamenya ndi zidendene, ndipo m'kulimbana kumeneko galasi la helemeti linagwa n'kutseka kumaso. Galasi lake lokandikakandika, mkati mwadzaza nthunzi ya mpweya wanga, ndinali ngati ndalowa m'botolo. Kunja ndinkangomva mapazi, chifukwa fungo linali litafika kwa mahatchi ena ndipo onse anaiwala maphunziro awo. Kenako ndinamva mano kumbuyo, mano aakulu ngati makasu, akugwira pokhalira penipeni n'kundinyamula m'mwamba. Chinali chihatchi chakuda chija. Apa ndi pamene ndinakuwa. Ndikubwerezanso, kukuwa, osati kulira.

Nsalu itang'ambika ndinagwa pansi n'kudzuka n'kuyamba kuthawa, wosaona, magambutsi akulira pwata pwata, khamu la mahatchi lili pambuyo panga ndi eni ake pamsana akukuwa m'zilankhulo zonse za dziko lapansi. Ndinazungulira bwalo lija liwiro loti akanakhala kuti amapereka mphoto ya kuthamanga, mahatchiwo akanachita manyazi. Ndiye m'kuzungulira muja, wakhungu ine, ndinakadutsa kumbuyo kwenikweni kwa chakuda chija.

Chinali chikundidikira. Miyendo yonse iwiri, phii! Ndinauluka, anthuni. Ndili m'mwamba ndinaona Kanengo, ndinaona Kawale, ndinaona ndi nyumba yanga kuti ndasiya zenera losatseka. Potsika ndinakagwera m'chomwera mahatchi, chimphika chachitali chodzaza madzi, thibu! Ndipo mukudziwa chimene chimachitika phala louma likakumana ndi madzi. Linabwerera mwakale. Ndinakhala m'menemo ngati nyama mu msuzi, mahatchi atandizungulira, aliyense akudya mbali yake mwaulemu, Dona akutsogolera ngati mwini phwando.

Amene anadzandivula helemeti anali a Mhango. Kuwala kutabwerera, ndinamva bambo wa mimba uja akukalipa, "Ndani wachotsa kansalu kumchira kwa hatchi yanga? Ikanapha munthu!" Anthu onse anatembenukira kwa Dona, gogo wosalakwa, akutafuna thumba la buluku, kansalu kofiira kali pepepe kumchira.

"aDada Kamphinda," anatero a Mhango mofatsa ngati akutsogolera pemphero, "kansalu kofiira kumchira ndi chenjezo. Kamauza anthu kuti hatchi iyi imamenya mateche, musaiyandikire kumbuyo. N'zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija, koma munati ndisunge malovu. Ndawasunga, awa."

Tsono ndiuzeni inu, ndi nzeru zimenezo? Chinthu choopsa mumachimanga liboni ngati mphatso? Bwanji osalembapo, kapena kuchimanga belu? Ku Kawale galu woluma sitimuveka maluwa.

Ndinatuluka m'madzi muja nditatchena bwino kuyambira m'chiuno kupita kumwamba: jekete, tayi, zonse zili m'malo. Kuyambira m'chiuno kupita pansi munali lamba wa buluku, zipi, thumba limodzi, ndi kabudula wanga wamkati amene ndinasoka ndekha kuchokera ku nsalu ya ambulera. Amayi a kumpingo aja ena anaphimba kumaso ndi zitenje koma akusuzumira, mmodzi anayambitsa nyimbo kuti aphimbe kuseka, inakanika pa mzere woyamba. Mayi woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Tayi mwamanga bwino, bambo." Mwamva? Ngakhale iye anavomereza.

Mwa amayi a kumpingowo, NyaMhango yekha ndi amene sanaseke. Anabwera pang'onopang'ono, kuyenda kwake kuja kwa pamazira, anavula chitenje chimodzi n'kundiponyera, n'kutambasula dzanja. Ndinadzikulunga chitenje, ndinavula zotsala zija n'kumupatsa. Anayang'ana lamba, anayang'ana zipi.

"Malemu zaka zonse zija, ngakhale dontho la msuzi," anatero. "Inu m'mawa umodzi, mwalisandutsa msuziwo."

"Mayi, mahatchi a masiku ano alibe mwambo. A ku Mchinji aja..."

"aDada," analowererapo a Mhango, "nkhani ya banja ija tisavutikenso nayo. Mwa tonse tabwera pano, amene wakukondani ndi mtima wonse ndi Dona. Nayenso ndi wamasiye. Mukafuna, ine ndemwe ndikhala nkhoswe."

Ndinabwerera ku Kawale nditavala jekete, tayi, chitenje cha maluwa ndi magambutsi. Kondakitala anali yemwe uja. Anangoti, "Madala, malata aja mwagulitsa?"

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si mateche ayi, ngakhale kukazizira ndimakhala ndi tako limodzi. NyaMhango anatenga lamba ndi zipi zija n'kupita nazo kwa telala wina pamsika wa ku 25 pomwepo, a Phiri, kamunthu kouma kopanda nkhani, koti sikanagwirepo ngakhale mbuzi mchira, kuti amusokerepo buluku lina likhale chikumbutso cha malemu. Lero apite kukasankha nsalu, mawa apite kukaona ulusi, mkuja akaone ngati mpendero wakhala bwino. Mvula isanagwe ndinangomva kuti kumpingo alengeza ukwati wa awiriwo. Ndipo pa tsikulo a Phiri anavala buluku lomwelo, nsalu yatsopano, lamba ndi zipi za malemu, litawakwana ngati anabadwa nalo. Ndiye kuti ine ndi amene ndinaphika phala, ine ndi amene ndinamenyedwa mateche, kuti telala apeze mkazi!

Anandiitana ku ukwatiwo, sindingawanamizire. Uthenga unabwera ndi a Mhango eni ake, nkhope ili gwa ngati kale: "Amuna onse avale buluku loyera, aDada. Koma inu mubwere mutadya kale, ndipo buluku lanu libwere losathira mchere."

Sindinapiteko. Ndipo ndalumbira pamaso pa anthu onse a pabawo kuti ine Lanjesi Kamphinda sindidzavalanso chinthu chimene chaphikidwa, ndiponso sindidzakweranso chinthu chokhala ndi mano. Za njati ija zokha ndi zimene ndingabwereze, chifukwa njati, pa ukali wake wonse, sinandivulepo buluku.